Tsamba 74

Mwezi wa Juni mvula siikata ku Mymensingh,
mapepala amamwa chinyontho ngati thonje.
Ine Mokbul, zaka makumi atatu pakhonde lino,
kuseri kwa geti la yunivesite,
ndimasoka nzeru za eni ndi singano ndi ulusi,
kumata chikuto chakuda, kudinda dzina ndi zilembo zagolide.

Sukulu ndinalekera panjira.
Koma guluu akamauma munthu umasowa chogwira,
maso amangogwera pa tsamba lomwe latseguka.

Dzana kunabwera Jhorna, nsapato zili matope okhaokha,
atafungatira masamba mazana awiri onena za nkhuku za kameta.
Zaka zitatu wakhala akukoka magazi kunsi kwa mapiko,
kusakasaka kachidutswa ka chibadwa
komwe kamalimbitsa nkhuku yopanda nthenga m'khosi
kuti isawefuke dzuwa likalusa.
Ndinati, mayi anga ankazidziwa zimenezo.
Iye anaseka: ankadziwa kuti zimatero, amalume,
ine ndikufuna chifukwa chake.
Ndinaloza poika mapepala, osayankha.

Usiku wake magetsi anathima.
Mphepo yochokera ku Brahmaputra inakankha zenera
lomwe chaka chonse ndakhala ndikuti ndikonza mawa,
ndipo milu inayi ya mapepala inauluka,
n'kukakwatirana pansi popanda ankhoswe.

Ndinagwada ndi kandulo.
Kuti tsamba libwerere kwawo, uyenera kuliwerenga.

Nkhuku ndinazipeza zitabisala m'dambo la Ripon,
mnyamata wamatuza m'manja chifukwa chopalasa bwato,
yemwe wayeza momwe namasupuni amaphimbira madzi
mpaka zomera zapansi kufa ndi mdima masana.
Pansi pa dambolo panali manambala a Shahed wa tayi uja,
amene amalipira mochedwa koma analemba zoona:
bizinesi yaing'ono imagwa tsiku lomwe mwini wake wagwa,
pakuti kaundula wake yense ali m'mutu.
Ndinacheukira kabati yanga.
Mulibe buku la ngongole. Muli lumo ndi tiyi.

Kenako tsamba lopanda dzina, nambala 74,
ngodya yake itanyowa.
Amuna opitirira zaka makumi asanu, linatero,
amene amapumira m'mwamba pokwera masitepe,
amene akakolo amatupa madzulo,
amene amamva ngati thumba la mpunga lawakhala pachifuwa
n'kumati ndi mpweya wa m'mimba chabe.
Ambiri a iwo, linapitiriza, amafika kuchipatala atachedwa.

Kandulo inadontha pa chala changa.
Sindinachotse dzanja msanga.

Masitepe opita kuchipinda changa ndi khumi ndi anayi.
Ndinayamba liti kupumira pa lachisanu ndi chiwiri?
Shefali anafunsapo kamodzi,
ndinamuuza kuti ndimaima dala, kuonera njinga zonyamula anthu mumsewu.

Kunacha ndili chigwadire.
Tsamba lililonse ndinalibweza kwa mwini wake,
ndinasoka misana inayi, ulusi wolimba, mfundo zobisika,
koma 74 ndinaliwerenganso ndisanalitsekere.

Cha m'ma teni, ambulera ikudontha,
analowa Nilufar wa kusukulu ya udokotala,
maso ofiira ndi ntchito ya usiku.
Anasisita chikuto, anawerenga dzina lake lagolide kawiri,
anatulutsa mataka ake m'kachikwama.

Sindinalandire.
Ndinapinda mkono wa malaya,
n'kutambasula dzanja pa tebulo,
guluu atauma m'mizere ya chikhatho.

Anandiyang'ana. Anaika ndalama pambali.
Zala ziwiri zozizira zinakhala pa mtsempha wanga,
maso ake pa wotchi,
milomo ikuwerenga chamumtima.

Panja wogulitsa nkhuku ankadutsa ndi dengu pamutu,
makosi opanda nthenga atasuzumira mumvula.
Ndinamuuza mphwanga Tuhin, osatembenuka:
thamanga kwa Harun ukagule buku la mizere,
ubwere ndi cholembera.
Tiyambira kwa Shahed.