Thabwa Lopanda Mtengo

Zaka makumi atatu ndakhala ndikupala mlombwa
kuseri kwa msika wa Kapata.
Ndimaudziwa ndi mphuno maso asanauone.
Lero umabwera usiku, wowonda, wobisidwa pansi pa makala.
Mitengo yatha m'mapiri,
mitengo yakwera pamsika.

Ndiye mwana wanga Tikambenji
anabwera ndi matumba asanu a makoko a nsawa
amene anapempha kwa amayi osenda ku Mchini.
Anati, Tate, ili ndi thabwa.
Ndinaseka mpaka pensulo inagwa kukhutu.
Zinyalala zokolezera moto,
zimene ngakhale nkhumba imanunkhiza n'kupitirira?

Sanayankhe. Anatengera amake kukhala chete.
Anasinja makoko mumtondo,
anaphika phala la chinangwa lomata ngati ulimbo,
anaduladula khonje utali wa chala,
n'kuthira zonse pakati pa zitsulo ziwiri.
Pamwamba anakhazika jeke
ya minibasi ya Yotamu imene inafera pa Lutembwe,
n'kupopa, kupopa,
mpaka madzi anatuluka m'mbali ngati thukuta.

Loyamba linamwa mvula ya Disembala
n'kusanduka chigumu.
Lachiwiri chiswe chinaitanirana;
masiku anayi, kunatsala fumbi.
Sindinanene kanthu,
koma ndinaimba kalikhweru ndikusesa,
ndipo iye anakamva.
Kalikhweru kameneko kamandiwawabe.

Anakathyola masamba a nimu kwa aDailesi,
anaitanitsa phula la njuchi ku Chadiza.
Magetsi akathima ndinkamuona pakandulo
akulemba m'kope lamafuta:
makapu angati, dzuwa la masiku angati,
chimene chalakwika,
china chimene chalakwikanso.
Zala zake zinasanduka za ine,
zong'aluka, zosamva sopo.

Lachisanu ndi chiwiri anangondipatsa m'manja.
Ndinaligogoda. Linayankha.
Si mawu a mlombwa, ayi,
mlombwa umayankha ngati munthu wokhuta.
Ili linayankha motsitsa
ngati mlendo woodira pakhomo la eni.
Ndinakhoma msomali, unagwira.
Ndinadutsitsa sowo,
ndipo panatuluka fungo la munda wathu ku Kagoro
mwezi wa Meyi, ndili kamnyamata kopanda nsapato,
titazungulira mulu wa nsawa,
ine ndikubisa zina m'tsaya.
Ndinaima ndi sowo m'manja nthawi yaitali.
Iye anaganiza kuti ndikufufuza cholakwa.

Sindinganame, mmisiri sanamizira thabwa:
silinganyamule denga,
chitseko cha panja musayese, mvula sikhululuka.
Koma pitani ku Navutika masana a Okutobala,
m'kalasi lina la ana aang'ono
mmene malata ankawotcha mitu ngati mbaula.
Yang'anani kumwamba.
Siling'i ya mtundu wa tiyi wamkaka,
timadontho timadontho ngati dzira la nkhanga.
Ndinaikhoma ndine, iye atagwira makwerero
n'kumandiuza pokhoma.
Kamtsikana kena kanafunsa, Ndi mtengo wanji uwu?
Tikambenji anati, Ndi umene unadya dzulo
amako atasinjira m'chiwawa.
Kalasi lonse linagwa ndi phwete.

Tsopano amayi a ku Mchini sapatsanso ulere.
Thumba ali ndi mtengo wake, ndipo sanyengerereka.
Iye amadandaula, ine ndimaseka:
wadzutsa wekha galu wogona.

Pali chinthu chimodzi sindinamuuze mpaka dzulo.
Pansi pa bedi langa pagona matabwa asanu ndi limodzi,
mlombwa weniweni, wofiira, wa kale,
umene ndinasungira bokosi langa
kuti ndisadzavutitse anthu.
Ndawatulutsa. Ndapukuta fumbi.
Tebulo lake limagwedera akamapopa jeke,
likufuna miyendo yolimba.

Ine mudzandiike m'makoko.
Koma tsiku limenelo, mwanawe,
nimu usathire, phula usapake.
Chiswe chakhala chikundidikira zaka makumi atatu
kunja kwa shedi, ndikuchithamangitsa.
Chilekeni chidzagwire ntchito yake,
ndipo mvula ikagwa
wina adzabzale nsawa chapafupi.