Masamba Awiri

Ku Surabaya, pamwamba pa nyumba yosanjikiza kasanu,
mkonzi wathu Hendarto amayeza nkhani ndi lula.
"Ningrum," akutero, "wotamanda soya wampatsa mizere makumi anayi,
wodzudzula wammana itatu.
Onjezera. Tisaoneke ngati tadya za wina."

Ndinaonjezera itatu,
mizere itatu ya mantha, yosokerera ngati chigamba
pa malaya osang'ambika.

Tsamba lakumanzere lili ndi Dokotala Pramudya, wa tayi yofiirira,
akuti soya ndi bwenzi la mtima,
akuti mtundu wonse wakulira nyemba zimenezi ndipo tikadalipo.
Lakumanja lili ndi Dokotala Sekar, magalasi pamphumi,
akuti m'nyembamo muli kanthu kotsanzira mphamvu zachikazi m'thupi,
akuti anayesera pa mbewa, ndipo mbewazo sizinakondwe.
Ndinamufunsa kuti mbewazo zinadya zochuluka bwanji.
Anakanda chibwano. Zambiri, anatero,
zoti munthu sangamalize ngakhale atalumbira.
Chiganizo chimenecho sichinalowe m'magazini.
Chikanapendeketsa sikelo.

Loweruka ndinakwera sitima ya ku Malang.

Mayi anga, a Warsini, apanga tempe zaka makumi atatu ndi chimodzi:
kuviika soya usiku wonse,
kufikisa makoko mpaka zala kuchita makwinya,
kuwiritsa, kuyanika, kukulunga m'masamba a nthochi,
kenaka kudikira masiku awiri
kuti chuku choyera chimange nyembazo pamodzi ngati mtanda wa sopo.
Chaka chatha kuchipatala anawachotsa bere lakumanzere.
Tsopano akanyamula dengu amapendekera mbali imodzi,
ndipo palibe mkonzi amene angaonjezerepo mizere itatu.

Magazini inandipitirira, inafika Lachinayi.
A Tumirah apakhomo loyandikana anawerenga tsamba lakumanja lokha,
nasiya kugula, iwo ndi anzawo anayi akumapemphero.
Mnyamata wogulitsa mpunga pa siteshoni anawerenga lakumanzere lokha,
naonjezera mitanda khumi pa oda yake.
"Ndalama n'zomwe zija," mayi akutero, akuwerenga makobidi m'chitini cha mabisiketi.
"Sikelo yanuyo imagwiradi ntchito."
Anaseka mpaka kugwira pachipsera.

Kumzikiti ataitana komaliza, njinga zamoto zitachepa pamsewu,
tinakhala awiri pakati pa mathandala a tempe wofunda,
fungo lake ngati la dothi mvula itangokhudza.
"Unalankhula nawo onse awiri," anatero.
"Ine ndidye kapena ndisadye?"

Ndinayamba: mbali ina akuti...

"Sindinafunse mbali. Ndafunsa iwe."

Sukulu yonse ya utolankhani sinandiphunzitse
kuyankha munthu mmodzi wokhala pampando wotsika,
bulawuzi yake itaphwa mbali imodzi.
Ndinawauza za mbewa, ndi mulu umene zinadya.
Ndinawauza kuti amene ndinawapatsa malo ofanana
sanabwere ndi umboni wolemera mofanana,
kuti ine ndinadziwa, ndipo ndinagwirabe lula.
Ndinati Lolemba tipite limodzi kwa dokotala wawo uja,
wodziwa dzina lawo ndi mankhwala amene akumwa.

Sanayankhe. Anakhudza mtanda umodzi ndi kuseri kwa dzanja
monga amachitira pamphumi panga ndikadwala malungo.
"Uyu wapsa mawa," anatero.

Ndinalembera Hendarto pa foni, kupempha mzere umodzi wokha mwezi wamawa.
Yankho linabwera mbandakucha:
malo palibe, pamenepo pagulidwa kale
ndi kampani ya mkaka wa m'zitini.

Lolemba tinakhala pamzere wachipatala mpaka dzuwa kupendeka,
dokotala anali kumsonkhano, anati tibwerenso pa sikisi.
Pondiperekeza ku siteshoni, mayi anandikazingira tizidutswa tisanu,
nasowa pokulungira.
Anang'amba masamba awiri aja pakati pa magazini,
dzina langa lili pamwamba.

Sitima isanafike ku Bangil
mafuta anali atalowerera madokotala onse awiri,
mofanana ndendende.