Oyilo wa M'thupi

Zaka makumi awiri, m'mawa uliwonse,
ndasolola kachitsulo m'mimba mwa lole,
kukapukuta pasanza, kuunika oyilo padzuwa.
Akada ndimadziwa. Akalemera ndimadziwa.
Wa m'thupi mwangamu sindinamuunikepo.

Lachiwiri, ku chipatala chachikulu cha Tete,
Dona Selestina anandimanga mphira pamkono:
fumbatani chibakera, bambo Fulujensiyo.
Timabotolo tiwiri basi,
magazi ofiira psuu, osaoneka mlandu.

Lero pepala labwera, lolankhula Chipwitikizi,
manambala atatu atazingidwa ndi cholembera.
Akuti mafuta achuluka,
akumatirira m'misempha ngati phula m'paipi.
Akuti shuga waima pakhomo, sanalowe, koma wagogoda.
Chachitatu ndi chija cha lamba wofufuma pamkono,
magazi othamanga ngati lole yoduka mabuleki
potsetsereka ku Zobwe.

Kenaka mafunso.
Fodya? Kuyambira ndili kondakitala.
Mchere? Ndinaseka.
Munthu wokulira pa chikowa cha ku Kahora Basa,
nsomba yoyera mbuu ndi mchere,
mumufunsa za mchere?
Nanga kanyenya wa mbuzi pa Mowatize,
ponona pake ndi pomwe ndimaloza ndi chala.

Bambo anu anamwalira bwanji?

Apo ndinakhala chete.
Anagwa m'munda wa kachewere ku Domwe,
khasu lili m'manja, dzuwa lisanafike pamutu.
Tinati anawaponyera.
Amalume Zakariya tinawasala zaka zisanu ndi ziwiri,
mpaka maliro awo tinapita ochepa.
Dona Selestina sanatsutse kanthu,
anangolemba mawu awiri pakona ya pepala.

Ndawoloka mlatho wapansi, lole ndaisiya.
Zambezi ali phee pansipa, ngati sayenda,
chonsecho akukokolola mchenga usiku ndi usana.
Kutentha kwa kuno kukuwotcha nsapato.
M'thumba lakumanzere muli timapiritsi toyera,
kamodzi m'mawa, moyo wonse,
m'lakumanja ndudu zinayi zotsala dzulo.
Imodzi ndaponya m'madzi.
Zitatu ndikadali nazo, ndisaname.

Madzulo ano Anastaziya adzatambasula dzanja
kufuna chibekete cha mchere,
ndipo ndidzaligwira.
Adzadabwa, poti papita zaka ndisanaligwire.
Mwana wathu Jervaziyo ali ndi mapewa a agogo ake,
kaseka kawo, mwina ndi misempha yomwe.
Loweruka ndipita naye.
Akafumbate chibakera akadali mnyamata.

Ndipo ndikadzakwera ku Angoniya mwezi wamawa
ndikaima pamanda a amalume,
chipewa m'manja, pepalali m'thumba.
Sindikudziwa ndikanena chiyani.