Filimu ya kwa Che Saizi

Mazana awiri pakhomo,
Che Saizi nkukoka chitseko cha lata.
Kunja Ndirande akuwotcha chipisi.
Pa sikirini Ataliyana akutsokomola,
kachilombo kawalowera m'tauni,
magazi ake ngati tomato wotsala pamsika.
Mzukwa wina waiwala kuvula wotchi,
maikolofoni ikulendewera pamutu pa dokotala.
Anyamata kufa nalo phwete, benchi kugwedera.

Nane ndinaseka
mpaka mkazi uja atagogoda galasi la chipatala
namukaniza kulowa.
Chaka chija ndinaima chomwecho pageti la Kwinzi,
fulasiki ya phala m'manja,
mlonda akupukusa mutu kuseri kwa masiki.
Phalalo ndinabwerera nalo.

Magetsi anathima filimu isanathe.
Mumdimamo wina anatsokomola.
Benchi yonse zii.