Wobwera Mochedwa

Ku Oulu mu Januwale dzuwa limangosuzumira n'kubwerera.
Pathebulo la kukhitchini kwa Sirkka
pali laputopu ya mwana wake, Aapo,
ndi khadi yachitsulo, yopyapyala ngati chikwama cha pakati pamwezi.

Vuto lake nali:
ukailowetsa makina asanadzuke
amaidziwa, amaitchula dzina, netiweki n'kuyaka.
Ukailowetsa ali maso kale,
zii,
ngati palibe chalowa.
Makinawa amawerenga a m'nyumba mwawo kamodzi kokha, podzuka.
Wobwera mochedwa alibe moni.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ine.
Ndinalowa m'nyumba muno Aapo ali ndi zaka khumi ndi zitatu,
kaundula wake atatseka kale.
Nsapato zanga zagona pakhomo chaka chachiwiri tsopano,
iye amangozilumpha
ngati chipale chimene wina adzachotse ndi fosholo.

Ndikuwerenga mizere yoyera pagalasi lakuda.
Magetsi akufika pakabowo. Dalaivala alipo.
Chosowa ndi mlonda,
kapulogalamu kokhala tcheru pakhomo,
komva kugogoda n'kufunsa kuti ndani.
Wina anakagoneka kalekale,
anaika kachizindikiro kutsogolo kwa mzere wake kuti usamawerengedwe.
Ndafufuta kachizindikiroko.
Ziibe.
Kani belu limene khadi ikuitanira
ndi lomwelonso la mausi, awiri kulimbirana chingwe chimodzi.
Ndaipatsa lake, la nambala khumi ndi chimodzi.

Khofi wazizira.
Chigalimoto chokankha chipale chadutsa kawiri mumsewu.
Aapo watsika, masokosi aubweya kumapazi, kudzafuna mkaka.
Waima kumbuyo kwanga, duu.
Ndikumva mpweya wake pakhosi la juzi yanga.
Ndasolola khadi.
Ndailowetsanso, makina ali maso.

Tii. Tii.

Kulira kuwiri kokwera,
kanyali kobiriwira n'kuyamba kuphethira.

"Tabwerezani," akutero.
Ndabwereza. Tii, tii.
"Tabwerezaninso."

Kenako watsegula kabati, watulutsa makapu awiri.
Mwina ndi chizolowezi chabe,
mwina akuganiza za mayi ake
amene atuluke kuchipatala ntchito yausiku ikatha.
Sindikufunsa.
Ndiyambe ndasunga fayiloyi,
kuti makina akadzazima n'kudzukanso mawa
asadzaiwale kumvetsera pakhomo.