Khutu Lopanda Pakamwa

Kachipangizoka n'kofanana ndi fulashi,
kutalika ngati chala changa chamkombaphala.
Anabwera nako Zakeyu kuchokera ku Joni
atakakulunga m'sokosi.
Mtengo wake matumba awiri a kachewere,
omwe Nasibeko ankati tigulire malata a kukhitchini.
Mpaka lero denga likayamba kudontha
amangondiyang'ana, osanena kanthu.

Eriyo ndinapanga ndekha:
masipoko a njinga yakufa,
waya wotola kuseri kwa shopu ya Dziwenji,
nsungwi yomangirira kumtengo wa pichesi ndi malegeni.
Laputopu ndi yapakaunjika, galasi long'aluka pakona,
batire yake sisunga moto,
ndiye magetsi akathima imayamwa ya galimoto.

Kuno ku Lizulu mseu ndiwo malire,
tomato tsidya lino, kabichi tsidya la Mozambiki.
Kumwamba kulibe mseu.
Ndikatsegula, pagalasi pamatsika mathithi abuluu,
ndipo kamzere kalikonse kachikasu
ndi munthu wina akuyankhula kwinakwake
osadziwa kuti ndilipo.

Woyendetsa ndege akupempha kutera ku Lumbadzi,
Chingerezi chake chothamanga ngati wowerenga ndalama za eni.
Madalaivala a mathiraki ochokera ku Beira
akutukwanizana m'Chipwitikizi, kenako phwete.
Alonda awiri akudandaulirana kuzizira,
mawu aliwonse kumaliza ndi "ova".
Madzulo ena satelaiti ikadutsa
imandisiyira chithunzi cha mitambo, mzere ndi mzere,
ngati munthu woluka mkeka.

Pamsika amanditcha Kazitape.
Omwewo Novembala akafika amabwera monong'ona:
"Nanga mvulayi, achimwene, mwaiona?"

Unali usiku wa mu Juni,
chifunga chitameza ndi nsungwi yomwe.
Pakati pa phokoso longa mafuta pachiwaya
panatuluka mawu a bambo, opuma mothamanga:
"Tayala laphulika. Sipeya ilibe mpweya.
Mayiyu akutaya magazi. Mukundimva? Ova."
Zii.
Kenako, pamzere womwewo, mawu a mkazi kuchipatala:
"Ambulansi, muli pati? Yankhani. Ova."

Phiri linaima pakati pawo.
Uyu samumva uyo, uyo samumva uyu,
ine pakati ndi bulangete kumutu
ndikuwamva onse awiri
ngati ali m'chipinda changa.

Ndinakuwa, ndikuvomera.
Ndinakuwira laputopu ngati wamisala.
Koma kachipangizoka kali ndi khutu lokha,
pakamwa sanakapatse.
Ndi chifukwa chake n'kotchipa.

Foni yanga inalibe mayunitsi.
Nasibeko anadzuka osafunsa kuti n'chiyani,
anamvetsera kamodzi kokha,
n'kusolola yake pansi pa pilo.
Msuweni wake amakolopa kuchipatala komweko.
Inalira kasanu. Kachisanu n'chimodzi anayankha.
"Thamangira kwa anamwino, uwauze
ali pamlatho wachiwiri, mseu wafumbi wa ku Mlanda.
Usafunse kuti ndadziwa bwanji. Thamanga!"

Tinakhala pamphasa, mapewa ogundana,
kuyang'ana mathithi akutsika.
Ndege ina inadutsa, ikupita kwawo.
Mlonda uja anatsokomola.
Itakwana cha m'ma thili, kamzere kanayakanso,
mawu ena, achilendo: "Tawapeza. Tikubwerera."
Batire ya galimoto inathera pomwepo.

Dzina la mayiyo sitikulidziwa.
Kaya anafika, kaya mwana analira,
msuweni akuti usiku umenewo anabwera ambiri.
Sindinafufuze. Zomva pakhoma la eni
sumapita nazo kukafunsa ndondomeko.

M'mawa kunachita kamvula kowaza.
Nasibeko anasuntha ndowa kuika podontha,
anayang'ana denga, anayang'ana nsungwi
itapendekeka ndi mphepo ya usiku.
"Kaiwongoleni iyo," anatero,
"ndipo batire mukatchajitse lero lomwe."