Nessa Wanenepa

Lolemba m'mawa, mvula ya ku Aberdeen ikuwaza cham'mbali,
ndinaima m'sitolo ya pangodya, magalasi ali pamphuno,
ndikuwerenga timalemba tating'onoting'ono
ngati munthu wofunafuna dzina lake pa samani ya kukhoti.

Kumanzere, thumba lachikasu:
mapaundi atatu, limakwana mwezi.
Nyama, akutero, magawo anayi pa zana;
zotsalazo tirigu, phulusa, ndi mawu opinda lilime.
Kumanja, tizitini tagolide tonga mosungira mphete,
nsomba ya m'madzi ozizira, msuzi wa bakha,
kamodzi kokha mtengo wa buledi, mkaka ndi nyuzipepala yanga.

Penshoni ya woyendetsa kireni padoko siidziwa bakha.
Ndinagula zonse ziwiri.

Nessa ndinamupeza pampando wa Elspeth,
mchira atafunditsa mapazi.
Ndinakhuthula zachikasu m'mbale, wayawaya.
Anatsika, ananunkhiza, nakanda pansi katatu
monga achitira pokwirira za kuseri.
Ndinamva.
Ndinatsegula kagolide. Fungo linagwira khitchini yonse,
ine mwini wake malovu kudzaza m'kamwa.
Iye ananyambita msuzi wokhawokha,
nyama kuisiya ili gwa,
nandiyang'ana ngati woperekera zakudya amene wayamba ntchito lero.

Ndinagula kabuku.
Lachiwiri, nkhuku yotenthetsa pang'ono: ayi.
Lachitatu, kusakaniza zodula ndi zotchipa:
anatola zodula n'kuzilavulira pakapeti.
Lachinayi sindinalembe kanthu. Ndinadya nyemba za m'chitini nditaimirira.

Dotolo wa ziweto, mtsikana wa ku Inverurie,
anamutsegula kukamwa, anamusisita pamimba, anamuika pasikelo.
Mano ali bwino, impso zili bwino,
ndiponso, bambo Rennie, mphakayu wanenepa.
Wanenepa?
Ndi chiyani, mphepo ya kunyanja?

Tsono Lachisanu madzulo ndinamulondola,
nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri
kuzemba m'mbali mwa mabini ngati wakuba.
Analumpha mpanda, anadutsa garaja,
mpaka pakhomo la Morag Geddes, nambala fotini.
Ndipo apo, pa sitepe yamwala,
m'kachidebe kakale ka majarini,
zachikasu zomwe zija! Thumba lomwelo, mtengo womwewo,
Nessa ali kukutu, kukutu, maso atatsinzina.

Morag anakhala pambali pake, chikhothi mpaka m'makutu,
akumuuza za bilu ya gasi,
za bondo lake lamanzere,
za mwana wake wa ku Perth amene foni imamulemera.
Atandiona sanachite manyazi n'komwe.
Ndikangokhala chete amasiya, anatero, taonani.
Anatseka pakamwa.
Nessa anadzutsa mutu, kudikira.

Ndinabwerera ndekha, manja m'thumba.
Elspeth ankalankhula ndi ketulo, ndi wailesi, ndi mbatata akamasenda;
zaka makumi anayi ndinkati ndi phokoso.
Chimwalirireni mu Febuluwale
ine ndimangoika mbale pansi n'kupita pawindo
kukawerenga sitima zolowa padoko.
Nyumba ili zii ngati tchalitchi pakati pa sabata.
Ndani angadye m'menemo?

Usiku uno ndakhala pansi, mawondo akudandaula.
Ndathira zachikasu.
Sindikudziwa chonena kwa mphaka,
ndiye ndayamba ndi kireni yanga yoyamba,
mmene inkanjenjemera mphepo ikachokera kumpoto,
mmene Elspeth ankandibweretsera tiyi m'fulasiki yobooka chivindikiro.
Mawu anga achita dzimbiri, akutuluka mokhwekhwereza.
Wadya timibulu tisanu ndi tiwiri. Ndawerenga.
Kenaka wachoka, osacheuka.

Tizitini tagolide tatsala khumi ndi kamodzi m'kabati.
Morag akuti nditengere kwawo Lamulungu,
kuli kanungu kuseri kwa shedi yake kamene sikasankha.
Akuti aphika tiyi.
Akuti ndibwere ndi nkhani, zake zatsala pang'ono kutha.